Zithunzi zinasamuka ndi eni ake

Mumzinda wa Gary, m'chigawo cha Indiana ku America, muli bwinja la tchalitchi limene lajambulidwa kuposa matchalitchi ambiri amoyo. Dzina lake ndi City Methodist Church. Mukalifufuza pa intaneti mupeza zithunzi zankhaninkhani: nsanamira zamiyala zitaima njo, mawindo opanda magalasi, udzu utamera pamene panali mipando. Anthu amachokera kutali ndi makamera awo, ena kudzajambulitsa za ukwati, ndipo opanga mafilimu a ku Hollywood anajambuliramo mbali ya Transformers ya mu 2011. Koma funsani chithunzi cha Lamulungu wamba, anthu ali phwamwamwa m'mipando, kwaya itatsegula pakamwa, muona kuti manja ayamba kukanda m'mutu. Maliro ali ndi mboni zambiri, koma odziwa malemu ali moyo ndi ochepa.

Adzukulu anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna zithunzi zakale za nyumba imeneyi ayambe wadziwa amene anaimanga.

Mzinda wa Gary unabadwa mu 1906 chifukwa cha fakitale ya zitsulo ya U.S. Steel, ndipo ngakhale dzina lake ndi la mkulu wa kampaniyo, Elbert Gary. Mbusa wina, William Seaman, ankafuna tchalitchi lalikulu pakatikati pa mzinda, pafupi ndi mabala ndi nyumba zogona antchito. Linatsegulidwa mu 1926, litadya ndalama pafupifupi madola 800,000, ndipo pafupifupi theka lake inapereka ndi kampani ija. Sanangomanga kachisi yekha. Panali holo ya zisudzo ya anthu pafupifupi 1,000, malo amasewera, makalasi, ngakhale zipinda zoti azibwereketsa kwa amalonda kuti lendi izithandiza mpingo. M'zaka za m'ma 1950 akhristu ake anapitirira 3,000. Pofika mu 1973 anatsala 300 ndi kakhumi kapena kawiri, ndipo mu 1975 anatseka zitseko. Moto wa mu 1997 unangomalizitsa zimene mvula ndi akuba anali atayamba kale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la miyala ndi zitsulo ngati limenelo, lofuna kulitenthetsa m'kati chisanu chonse cha ku Indiana, silikanasenzedwa ndi nkhalamba zochepa zotsala zija.

Tsono zithunzi zili kuti? Zina zili m'malo osungira mbiri. Pa Indiana University Northwest, mumzinda momwemo, pali Calumet Regional Archives, kumene amasunga mapepala ndi zithunzi za dera lonselo, kuphatikizapo zoposa 2,000 zimene U.S. Steel inajambulitsa kuyambira mu 1906. Nyuzipepala ya mumzindawo, Post-Tribune, nayo inkalemba za maukwati ndi misonkhano. Koma tizikumbukira kuti kampani imajambula chimene ikunyadira, ndipo mtolankhani amabwera pa tsiku la chikondwerero kapena la tsoka. Masiku wamba ankajambula ndi amalume a mkwatibwi, kapena mayi wonyadira mwana wake wobatizidwa. Zithunzi zoterozo sizipita ku yunivesite. Zimagona m'katoni pansi pa bedi, ndipo katoniyo imakwera lole tsiku limene banja likusamuka.

Apa ndi pamene nkhani imakoma ndi kuwawa pamodzi. Mu 1960 Gary anali ndi anthu oposa 178,000. Mu 2020 anatsala osakwana 70,000. Ntchito zapafakitale zinachepa, inde, koma kusamuka kunayamba ntchito zisanathe. Azungu ambiri ankathawa kukhala moyandikana ndi anthu akuda, ndipo liwiro linakula Richard Hatcher atasankhidwa mu 1967 kukhala meya woyamba wachikuda wa mzindawo. Anapita ku Merrillville ndi m'matauni ena akummwera, atanyamula ziwiya, chachikhumi ndi maalubamu. Motero wofufuza akamazungulira bwinja lija ndi kamera, akusaka mbewa pa una wakale. Afunika atsatire mapazi a anthu, agogode pa makomo a zidzukulu za osamukawo, apemphe mwaulemu kuti amutsegulire katoni.

Ndimamvetsa chimene chimam'kokera munthu kuntchito yotereyi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene anabatizidwira m'tchalitchimo samva bwino akamaona alendo akusekerera pakati pa zigumukire, ngati kuti nyumbayo inamangidwa kuti idzakhale bwinja lokongola. Amafuna kunena kuti: taonani, munali anthu muno, munali limba lalikulu limene Elbert Gary mwiniwake anapereka, munkamveka fungo la khofi ndi makeke pambuyo pa mapemphero. Chimenecho n'chilakolako chabwino, sindichinyoza.

Komabe chithunzi chakale chili ngati mwana wamng'ono pamaso pa alendo: chimaulula zimene eni nyumba amafuna zibisike. Mukadzazipeza zithunzi za kwaya ndi za Sande sukulu, muwerenge nkhope. Mzinda wa Gary unali ndi anthu akuda zikwi zambiri, obwera kuchokera kummwera kwa dzikolo kudzagwira ntchito pang'anjo zomwezo, koma mpingo uwu unali wa azungu opeza bwino. Seaman ankadana ndi gulu latsankho la Ku Klux Klan ndipo ankafuna kuti mitundu iyandikane, koma nkhosa zake sizinamutsatire, ndipo mu 1929 anasamutsidwira ku Ohio. Akulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mpingo unakana mlendo pamene mipando inali yodzaza, ndipo mipando itayamba kuoneka, mlendo uja anali atamanga kale matchalitchi ake, okhala ndi makwaya ake ndi maalubamu ake. Anthu omwe akanasenza denga anali kutsidya kwa msewu nthawi yonseyi.

Mu 2017 bungwe la Knight Foundation linapereka thandizo lokonzera mapulani oti bwinjalo lisanduke munda wopumuliramo, makoma otsala akhale chikumbutso. Malo oterewa amafuna zikwangwani za zithunzi zakale, ndipo wina adzayenera kusankha zoti zipachikidwe. Ine ndikanakhala pa komiti imeneyo, ndikanapempha kuti pambali pa chithunzi cha tsiku lotsegulira mu 1926 aikepo cha chaka chotsatira, 1927, pamene ana achizungu a pasukulu ya Emerson, mumzinda womwewo, ananyanyala maphunziro chifukwa ophunzira akuda angapo analowetsedwa pasukulu yawo.