Zaka 90 za agogo: mphotho kapena mlandu?

Sabata ino ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa tulo kuyambira mwezi wathawu, pamene banja lathu lidachita phwando lothokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa agogo anga, mayi awo a mayi anga.

Tidati akwanitsa zaka 90, koma kunena zoona tsiku lawo lobadwa palibe akulidziwa. Mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika, olemba adawafunsa chaka chobadwa, iwo n'kuyankha kuti njala ya 1949 idawapeza atangotha msinkhu. Anyamata aja adawerengera chobwerera m'mbuyo n'kuwalembera 1935. Nambala yathu idachokera pamenepo basi.

Agogo ndi mayi wa Mvano mu mpingo wa CCAP kwathu ku Chiradzulu. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera zili ndi sutikesi yakeyake, mwana sakhudzako. Buku Lopatulika lawo lidathothoka chikuto kalekale, adachita kulikutira ndi kansalu ka chitenje. Maso adafooka, sawerenganso, koma m'bandakucha uliwonse mumawamva akutchula mayina a mbumba yonse m'pemphero, kuyambira ana mpaka zidzukulutudzi, ndi amene ali ku Joni omwe. Mkangano wa malire a munda ukabuka, amalume amayamba akhala pansi pakhonde pa agogo asanapite kwa amfumu.

Paphwando paja mkulu wa mpingo wina adaimirira n'kunena kuti Mulungu wawalipira mayiwa ndi moyo wautali chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Nthungululu zidamveka, ine ndemwe ndidaomba m'manja. Agogo adangowerama. Madzulo anthu atabalalika ndidawapititsira thobwa, ndipo adandikoka dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Iwe, ngati amenewa ali malipiro, nanga ana anga aja analakwanji?"

Agogo adabereka ana 9. Lero atsala atatu. Awiri adamwalira ali makanda, mmodzi adafa pa ngozi ya basi, ndipo atatu adapita motsatizana m'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Mmodzi mwa atatuwo anali mayi anga, woimba kwaya amene sankajomba kutchalitchi. Adamwalira ali ndi zaka 34. Cha m'ma 2000 Mmalawi wobadwa ankayembekezeka kukhala zaka zosafika ndi 50 zomwe, ndipo m'midzi yambiri nkhalamba ndi zimene zinkagona pasiwa kulira achinyamata. Ife ana amasiye 7 tidakulira m'nyumba ya agogo ya zipinda ziwiri, iwo akulima, kuphika zitumbuwa, n'kutidutsitsa njala ya 2002 ndi phala la madeya.

Tsono funso lawo lija n'lolemera. Tikati kukalamba ndi mphotho ya kupemphera, tanenanso, ngakhale sitinafune, kuti kufa msanga ndi chilango. Taika mayi anga m'gulu la olephera mayeso. Mawu amene tidawaombera m'manja aja adatamanda agogo ponyoza ana awo amene ali kumanda, ndipo iwo okha ndi amene adazimva.

Baibulo lenilenilo silitilola kuwerengera chonchi. Manase, mfumu ya Yuda imene Buku la Mafumu limaitsutsa kwambiri, adalamulira zaka 55. Mdzukulu wake Yosiya, amene amayamikiridwa chifukwa chokonzanso chipembedzo, adafera kunkhondo asanafike zaka 40. Metusela akuti adakhala zaka 969, koma kupatula kubereka ana palibe china chimene tidauzidwa kuti adachita. Anzake a Yobu adalimbikira kunena kuti tsoka limatsata tchimo, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu adawadzudzula. Yesu mwini wake sadafike ndi zaka 40 zomwe. Kukanakhala kuti zaka ndi risiti ya chikhulupiriro, mndandanda umenewu bwenzi uli wosiyana kwambiri.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imandiopsa kuposa yoyambayi. Chaka chatha mwana wa msuweni wanga adadwala malungo n'kumwalira. Maliro asanathe n'komwe, manong'onong'o adayamba kuseri kwa nkhokwe: "Ana akungotha, koma agogowa ali gwa. Akudya chiyani?" Amene ankanena zimenezi si alendo ayi. Ena mwa iwo adaleredwa ndi manja omwewo, ndipo mwezi wathawu adavala nawo chitenje cha phwando.

Musaganize kuti ndi nkhambakamwa chabe. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana wina. Mlandu wawo unali woti ndi okalamba ndipo wafa ndi mwana. Lamulo la zaufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito m'dziko muno, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma chaka ndi chaka timamvabe pawailesi za agogo omenyedwa, owotcheredwa nyumba, othamangitsidwa m'midzi imene adaimanga okha. Nkhalamba ikadwala matenda oiwalaiwala n'kusochera usiku, m'mawa mumamva kuti yagwa m'ndege ya ufiti. Munthu wofunika kumugwira dzanja n'kumubweza kunyumba timamulandira ndi miyala.

Taonani bwino, abale. Mkulu wa mpingo uja ndi onong'ona aja akugwiritsa ntchito masamu amodzimodzi. Onse akuyang'ana nambala ya zaka n'kuiyesa chigamulo. Wina akuti wakhalitsa chifukwa ndi woyera mtima, winayo akuti wakhalitsa chifukwa akudya anzake. Onse akukana kuvomera chinthu chimene chimatipweteka tonsefe, choti imfa siyendera mzere, ndipo sitidziwa chifukwa chake wina amatsala. Ndipo pakati pa maganizo awiriwa pali kamtunda kakafupi zedi. Banja limene laphunzira kuti moyo wautali uyenera kukhala ndi chifukwa chobisika silichedwa kusintha chifukwacho tsoka likagwa pakhomo.

Ndikudziwa ena a inu mufunsa kuti, nanga lamulo lija la kulemekeza atate ndi amayi, mu Eksodo 20, silikulonjeza masiku ochuluka? Eya, likulonjeza. Koma taliwerenganinso modekha. Likulankhula ndi ana, ndipo likunena za anthu kukhalitsa m'dziko limene apatsidwa. Mmene ine ndikulimvera, likutiuza kuti mtundu umene umasamala okalamba ake ndi umene umakhazikika. Silikutipatsa sikelo yoyezera chiyero cha agogo. Likutifunsa ifeyo kuti tikuwatani. Ena munena kuti kupemphera kumathandizadi thupi: munthu sakhala ku mowa, ali ndi anzake omuyendera akadwala, mtima umakhala m'malo. Zimenezo sindikana. Amayi a Mvano akhala akuwatungira madzi agogo ndi kuwabweretsera nkhuni nthawi imene ife tili m'tauni. Koma mayi anganso anali ndi zonsezo, ndipo sizidawatchinge.

Ndiye kodi tileke kuthokoza? Ayi ndithu. Kuthokoza chifukwa cha mphatso n'kosiyana ndi kunyadira malipiro. Wolandira malipiro amati ndagwira ntchito, ndipatseni zanga. Wolandira mphatso amadziwa kuti mnzake wofanana naye sadalandire, choncho amayamika mopanda kuloza chala kumanda. Agogo amakonda kunena kuti ndi chisomo, ndipo kale ndinkayesa kuti ndi mawu a chizolowezi cha kutchalitchi. Pano ndazindikira kuti amasankha liwulo mwadala, poteteza ulemu wa ana awo.

Chimene zaka zambirizi zidawapatsa agogo, mmene ndaonera ine, ndi nthawi yosintha. Sindikufuna kuwajambula ngati mngelo. Anali mayi wolimba mtima, nthawi zina mopitirira. M'zaka za m'ma 1980 mayi anga aang'ono adathawa kubanja atatupa nkhope, ndipo agogo adawabweza tsiku lomwelo ndi mawu akuti banja ndi kupirira, mkazi wa Chikhristu sathawa mtanda wake. Patapita zaka zoposa 20, mchemwali wanga adakumana ndi zomwezo. Agogo omwewo adatuma amalume kukamutenga ndi katundu yense, ndipo usiku umenewo adapepesa mayi aang'ono pamaso pa tonsefe. Akadamwalira ali ndi zaka 60, bwenzi tikuwakumbuka ndi chigamulo choyamba chija. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero, koma dambolo silidzaza tsiku limodzi, ndipo si nkhalamba iliyonse imene imalola zaka kuiphunzitsa. Ngati pali choyenera kuombera m'manja, ndi chimenechi.

Tsopano ndifike pamene pakundikhudza ine mwini. Moyo wautali uli ndi mtengo wake, ndipo pali wina amene amaulipira. Kwathu ndi mayi aang'ono omwe aja. Ali ndi zaka zoposa 60, nawonso miyendo imawavuta, koma ndi amene amawasambitsa agogo, kuwachapira zofunda, kuwaphikira phala, kuwadzutsa usiku kupita nawo kuchimbudzi. Kwa zaka zinayi sadagonepo kunja kwa mudzi, ngakhale kumaliro a apongozi a mwana wawo sadapite. Pa gulu lathu la WhatsApp tidakangana milungu itatu za mtundu wa chitenje ndi kukula kwa keke, koma palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti mayi aang'ono adapumulako liti. Denga la chipinda cha agogo likudontha kuyambira dzinja lathali. Ndalama ya keke ija ikadagula malata angapo.

Ine ndimatumiza kangachepe pafoni mwezi ukatha, n'kumadziona ngati mdzukulu wabwino. Kuchokera ku Blantyre kukafika kwathu ndi ulendo wosakwana maola awiri, koma chaka chatha ndidapitako kawiri kokha, ndipo kamodzi kanali kumaliro aja. Manong'onong'o aja ndidawamva ndi makutu angawa, ndipo ndidakhala chete poopa kuyambana ndi abale. Kunena kuti Mulungu wawadalitsa n'kosavuta, chifukwa kumasiya udindo wonse kumwamba. Kuwachotsera mtsuko wa usiku ndi kumene kumaonetsa ngati dalitsolo talilandiradi.

Pa Chichewa pathu liwu loti adzukulu lili ndi matanthauzo awiri: ana a ana ako, komanso anthu okumba manda. Ambiri a ife timaonekera pa tanthauzo lachiwirili. Tsiku limenelo galimoto zimadzaza pabwalo, bokosi limakhala lodula, mbiri ya malemu imawerengedwa yokoma, pamene mwini wake adakhala zaka zomaliza akudya nsima yozizira yekha pakhonde.

Loweruka likubwerali ndikupita kumudzi. Ndagwirizana ndi alongo anga awiri ndi mchemwali wanga kuti aliyense azikagona kumeneko sabata imodzi pa miyezi iwiri, kuti mayi aang'ono apezeko mpata wokaona zidzukulu zawo ku Zomba. Ndapemphanso amalume kuti aitanitse mbumba yonse, nkhani ya manong'onong'o ija ikambidwe poyera agogo ali moyo. Kaya zikayenda bwanji, kaya ena akandida, koma ndatopa nako kukhala chete.

Funso la agogo lija sindidaliyankhe usiku umenewo, ndipo mpaka lero yankho lokwanira ndilibe. Ndidangoti, "Sanalakwe kanthu, agogo." Iwo adagwedeza mutu n'kumwa thobwa lawo.

Nanga kwanuko zili bwanji? Amene akusamala agogo anu lero ndani, ndipo adapumulako liti? Ndipo inu amene mumakhulupirira kuti moyo wautali ndi mphothodi, mukadawayankha chiyani agogo anga? Tikambirane m'munsimu mwaulemu, monga mwa nthawi zonse.