ZA MAFUTA A PANSI PA NYANJA YATHU

Palibe mudzi m'dziko lino umene sumva kuwawa kwa mtengo wa mafuta, ungakhale mudzi wopanda garimoto. Cigayo cimwa dizilo. Garimoto lodzatenga cimanga ndi fodya limwa dizilo. Ambulansi yothamangira ku cipatala ndi mai wapakati siyenda ndi madzi. Mafuta akakwera mtengo, sopo, mcere ndi feteleza zikwera pamodzi nao. Ndipo mafuta amenewa sacokera kwathu kuno. Adza pa zombo kucokera ku maiko akutali, natsikira pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndi Dar es Salaam ku Tanzania, nakwera mtunda ulendo wautali kufikira kuno. Tiwagula ndi ndalama zakunja, zimene tizipeza makamaka pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga.

Ambiri a ife tikumbukira caka ca 2011, pamene ndalama zakunja zinasowa, ndipo magarimoto anagona pa mizere usana ndi usiku kulindira petulo. Pa 20 July anthu anaturuka m'miseu ya m'mizinda kudandaula za ici ndi zina, ndipo anthu ngati 20 anaphedwa. M'caka comweco boma linapatsa kampani ya ku Britain, dzina lace Surestream Petroleum, cilolezo ca kufunafuna mafuta kumpoto kwa nyanja; pakuti odziwa za miyala anena kuti pansi pa nyanja yathu pafanana ndi pa nyanja ya Albert ku Uganda, kumene mafuta anapezeka m'caka ca 2006. Kufikira lero palibe mafuta amene anaturutsidwa kuno ndi kugulitsidwa. Koma funso liripobe, ndipo liyenera ife kulilingalira tsikulo lisanafike: akapezeka, kodi tiboole?

Amene ayankha kuti inde ali ndi mau olemera. Munthu wopanda nkhokwe, wodya kwa mnzace tsiku ndi tsiku, sali mfulu. Mwini nkhokwe akatseka khomo, ana ace agona ndi njala. Umphawi nao upha anthu, ndipo kukumba cuma ca m'nthaka yako sikuli kuipa. Ife sitipeputsa mau awa. Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tione matopewo.

Coyamba, kukhala ndi mafuta pansi sikuli kukhala ndi petulo m'garimoto. Mafuta aturuka m'nthaka ali akuda ndi olemera, ndipo ayenera kuyengedwa m'makina a mtengo waukuru asanagwire nchito. Ku Nigeria anapeza mafuta pa mudzi wa Oloibiri m'caka ca 1956, ndipo dzikolo linakhala pakati pa ogulitsa mafuta akuru a mu Africa. Koma zaka zambiri anthu ace anagula petulo kunja, naimanso pa mizere monga ife, cifukwa makina oyengera a boma ku Port Harcourt, Warri ndi Kaduna anali ofa kawirikawiri. Anafanana ndi mlimi wogulitsa cimanga cace conse, nabwerera kukagula ufa pa mtengo woposa. Tikumbukenso kuti oboola zitsimezo ndiwo alendo, ndalama nzao, makina ngao. Tikapanda kusamala, cingwe cimene timangidwa naco sicidzaduka; cidzangocoka m'dzanja la uyu kunka m'dzanja la uyo.

Caciwiri, cuma ciri ca mitundu iwiri: cina cikololedwa caka ndi caka, cina cikololedwa kamodzi. Nyanja ipatsa cambo, usipa, utaka ndi kampango kuyambira kale lomwe, ndipo iri ndi mitundu ya nsomba yocuruka koposa nyanja ina iri yonse ya madzi abwino pa dziko lapansi. Citsime ca mafuta cipatsa zaka zowerengeka, niciuma. Tsono nyanja yathu iri ndi khomo limodzi lokha loturukira, ndilo mtsinje wa Shire, ndipo madzi ace ambiri acoka ndi dzuwa, osati ndi mtsinjewo. Cotero coipa cikagwa m'menemo sicikokoloka msanga. Cingathe kukhala mibadwo yambiri. M'dziko la Aogoni ku Nigeria, kumene mapaipi anataya mafuta m'mitsinje ndi m'minda, akatswiri a United Nations ananena m'caka ca 2011 kuti kuyeretsa kwace kungatenge zaka 25 kapena 30. Mwana wa msodzi wobadwa tsiku la ngoziyo akhala ndi ana ace madziwo asanayere.

Apa ndipo pali mlandu weniweni. Phindu la mafuta lifika coyamba kwa eni makampani, ku thumba la boma, ndi kwa eni magarimoto. Koma ngozi ikagwa, iyamba ndi msodzi wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, amene cuma cace ndi bwato ndi ukonde, ndi mai wotunga madzi akumwa pa gombe. Kodi ncolungama kuti wina adye nyama, wina alipe mlandu wace? Ndipo alipo ena amene sangathe kulankhula pa bwalo, ndiwo adzukulu athu osabadwa. Kwathu munthu sagulitsa munda wa makolo pa yekha, angakhale ali ndi ngongole, pakuti aulima kokha m'masiku ace, nausiyira akudza m'mbuyo. Nyanja iri cotero. Alipo anansi athu a ku Mozambique ndi ku Tanzania amene amwa madzi omwewo. Ndipo sitiiwala kuti mbiri yokha ya mafuta inadzutsa m'caka ca 2012 mkangano wakale wa malire ndi Tanzania, wocokera pa pangano la Britain ndi Germany la caka ca 1890, dontho limodzi lisanaoneke.

Cacitatu, ndani adzasunga ndalamazo? Dziko la Norway linapeza mafuta pansi pa nyanja yamcere m'caka ca 1969. M'caka ca 1990 anaika lamulo lokhazikitsa thumba la mtundu wonse losungiramo ndalama za mafuta. Boma litengako pang'ono pokha caka ndi caka, ndipo munthu ali yense angathe kudziwa zimene ziri m'menemo. Kusiyana kwa Norway ndi Nigeria sikuli m'nthaka iai, kuli m'kukhulupirika kwa osunga cuma ndi m'maso a anthu owayang'anira. Wosakhoza kusunga ndalama za msonkho sadzakhoza kusunga za mafuta.

Tsono ife sitinena kuti mafutawo asakhudzidwe ku nthawi zonse. Koma tinena kuti njala ya lero isatithamangitse kupinyolitsa cimene sitingathe kuciombola. Mapangano ndi makampani awerengedwe poyera. Anthu a m'mbali mwa nyanja afunsidwe, ndipo mau ao amveke. Kuyesa kuyambe pa mtunda, kusanafike pa madzi. Gawo la ndalama lisungidwe mwa lamulo cifukwa ca ana. Zimenezi zikasoweka, kuli bwino kulinda, pakuti mafuta a pansi safumbwa monga cimanga. Polindapo ziripo njira zina zocepetsera kudalira kwathu: kuyambira caka ca 1982 ku Dwangwa apanga mafuta a nzimbe osanganiza ndi petulo, dzuwa liunikira kale nyumba zambiri za m'midzi, ndipo njanji inyamula katundu ndi mafuta ocepa koposa magarimoto.

Cifukwa cace, abale, nkhani iyi tisaisiyire ophunzira okha. Aphungu akadza kwanu, afunseni mwaulemu: Pangano liri kuti? Ngozi ikagwa adzalipa ndani? Ana athu mudzawasungira ciani? Makolo anatisiyira nyanja ya madzi akumwa; tiyeni tiisiye cotero kwa akudza m'mbuyo mwathu.