CIYEMBEKEZO CA MUNTHU WODWAZIKA

Pa tsiku la ukwati ankhoswe ndi anamkungwi amalangiza mwamuna ndi mkazi zinthu zambiri: za ulemu kwa apongozi, za kusunga nkhokwe, za kulandira alendo. Koma pali nchito imodzi imene saichula kawiri kawiri, ndiyo kudwazika mnzako wa m'nyumba pamene nthenda yace yafika poti madotolo sangathenso kuiciritsa. Nchito imeneyi imagwera munthu asanaikonzekere, ndipo imadza ndi funso lobvuta: kodi munthu amene wauzidwa kuti mkazi wace kapena mwamuna wace sadzacira angakhale ndi ciyembekezo cotani? Kodi ciyembekezo cace si kudzinamiza cabe? Ili ndilo funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi.

Ndidziwa bambo wina, mlimi wa cimanga ndi nshawa m'dera la Chipata, amene anakomana ndi funso limeneli. Mkazi wace, amene anakhala naye zaka zoposa 30, anayamba kutaya mwazi ngakhale kuti anali atafika kale pa msinkhu woleka kusamba. Cifukwa ca manyazi anabisa zimenezi miyezi yambiri, kufikira msana ndi ciuno zinayamba kumsowetsa tulo. A cipatala ca kwao anawatumiza ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, ku cipatala ca matenda a khansa cochedwa Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007. Atapimidwa, maiyo anapempha kuti dotolo alankhule ndi mwamuna wace, monga acitira amai ambiri a kumudzi. Dotolo anamuuza bamboyo mwacifundo kuti nthendayo inali khansa ya pa khomo la cibaliro, ndi kuti inali itafalikira kale ku ziwalo zina.

Tiyenera kumvetsa tanthauzo la mau amenewa. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo, timene timagawikana ndi kufa mwa dongosolo lace. Khansa imayamba pamene tina mwa tizigawo timeneti taleka kumvera dongosololo ndi kuyamba kuculukana kosalekeza. Ikapezeka ikali pa malo amodzi, kawiri kawiri madotolo amaicotsa ndi mpeni, kapena kuiocha ndi ceza ca makina, kapena kuipha ndi mankhwala amphamvu olowetsa m'mitsempha. Koma ikayenda ndi mwazi kufika ku mapapo, ku ciwindi kapena ku mafupa, mankhwala omwewo amangoicepetsa liwiro ndi kupeputsa zowawa. Kuizula yonse kumakhala kosatheka pa odwala ambiri. Izi ndizo anamva bambo uja, ndipo anabwerera nazo kumudzi yekha mumtima mwace.

Munthu wosenza katundu wotere amapeza njira zitatu zimene zimaoneka zosabvuta, koma zonse zitatu ziri ndi mbuna.

Njira yoyamba ndiyo kubisa. Bambo uja anauza mkazi wace kuti madotolo anena kuti acira mvula ikagwa. Tisafulumire kumdzudzula, pakuti mwambo wathu umati kuchula imfa pamaso pa wodwala kuli ngati kumtemberera, ndipo m'mwambo umenewu muli cifundo ceni ceni. Koma taonani cimene bodza limacita m'nyumba. Mwamuna amaturuka kukalirira kuseri kwa khola, mkazi amalirira m'bulangete, ndipo akakomana onse awiri amamwetulirana. Anthu amene anadyera m'mbale imodzi zaka zonsezo amasanduka alendo pa nthawi imene afunana koposa.

Njira yaciwiri ndiyo kuthamanga uku ndi uku. Wodwazika akamva za munthu wina wolonjeza kuti acotsa nthenda iri yonse, amagulitsa ng'ombe, mawa ngolo, mkuja mbeu yomwe. Wodwala amanyamulidwa pa njinga m'miseu ya mabampu, akumva kuwawa, kupita kwa anthu amene cuma cao cimacokera m'misozi ya anzao. Coipa coposa ncakuti ena mwa iwo amaloza cala mlamu kapena nkhalamba ya pamudzi kuti ndiyo yalodza. Pamenepo nthenda ya munthu mmodzi imasanduka udani wa mbumba yonse. Koma khansa ya pa khomo la cibaliro cimene cimaiyambitsa ncodziwika: ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene anthu ambiri amakatenga m'moyo wao osadziwa.

Njira yacitatu ndiyo kutaya mtima. Wodwazika amati, "Ngati sacira, ndibvutikirenji?" Amaleka kukatenga mankhwala, amacedwa ku mowa, ndipo wodwala amaikidwa m'manda m'mitima ya anthu akali kupuma.

Tikayang'anitsitsa tiona kuti njira zitatuzi zicokera pa muzu umodzi, ndiwo maganizo akuti ciyembekezo ciri ndi nkhope imodzi yokha, ya kucira. Wobisa amaopa kuti coonadi cipha ciyembekezo; wothamanga amafuna kucigula ndi ng'ombe; wotaya mtima amati cafa kale. Ine nditi onsewa alakwa pa cinthu cimodzi. Ciyembekezo ndico kukhulupirira kuti m'tsiku la mawa muli cabwino cina cimene tiyenera kucidzukira ndi kucigwirira nchito. Kucira ndi cimodzi ca zabwino zimenezo, ndipo ncacikulu, koma cikacoka zabwino zina zimatsala.

Mlimi ali yense adziwa zimenezi. Mvula ikadula mu Januwale ndi mu Febuluwale cimanga cikafota, mlimi wanzeru sakhala pansi kuyang'ana mapesi, ndipo sanamiza ana ace kuti nkhokwe idzadzala. Amatsikira kudimba, nabzala kandolo ndi ndiwo zamasamba, kuti banja lipeze comwera madzi. Ciyembekezo cace cacoka kumunda capita kudimba, koma cikali ciyembekezo, ndipo ciri ndi khasu m'manja.

Kodi dimba la wodwazika liri kuti? Coyamba, angayembekezere kuti wodwala agone usiku wopanda ululu. Ici si cinthu cacing'ono, ndipo ncotheka. Mai wina wa ku England, Cicely Saunders, amene anayamba nchito monga namwino napitiriza kuphunzira udotolo, anatsegula nyumba yosamaliramo odwala kayakaya yochedwa St Christopher's Hospice mu mzinda wa London m'caka ca 1967. Iye anaphunzitsa kuti mankhwala oletsa ululu, monga morphine, aziperekedwa pa maola ace oikika, osadikira kuti wodwala ayambe wabuula. Anaphunzitsanso kuti kuwawa kwa munthu wotere kuli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, ndipo konseko kufuna cisamaliro. M'caka ca 1986 bungwe la World Health Organization linafalitsa malangizo a kaperekedwe ka mankhwala otere, kuyambira ofooka kufikira amphamvu. Tsono wodwazika asacite manyazi kupempha mankhwala amenewa ku cipatala, ndipo asaope kuti kupatsa wodwala morphine monga mwa malangizo a dotolo ndiko kumfulumizitsa imfa.

Caciwiri, angayembekezere mau amene sananenedwe. Bambo wa ku Chipata uja anaphunzira izi kwa wodwala mwini. Usiku wina akumtembenuza pamphasa, mkazi wace anamgwira dzanja nati, "Bambo, thupi ndi langa, ndidziwa kumene ndirikupita. Lekani kugulitsa ng'ombe za ana. Khalani pansi tikambirane." Bamboyo anandiuza kuti usiku umenewo analira pamodzi kwa nthawi yoyamba, ndipo m'mawa mwace katundu anapepuka. Kuyambira pamenepo maiyo anaitana mng'ono wace amene anayambana naye kale pa nkhani ya malire a munda, nakhululukirana. Anauza atsibweni a ana ace zimene anafuna pa za mwana wotsiriza amene anali pa sukulu. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Bodza likadapitirira, mapangano onsewa sakadacitika.

Pano wina angafunse kuti, kodi tsono tizikakamiza wodwala ali yense kumva za imfa yace? Iai. Coonadi si nkhwangwa yogwetsera munthu. Alipo odwala amene safuna kumva zonse, ndipo kufuna kwaoko kuyenera kulemekezedwa. Lamulo labwino ndi ili: usanene bodza, koma usatsogole, wodwala akafunsa, muyankhe moona ndi mofatsa, kufikira pamene iye mwini walekezera. Kumbukiraninso kuti dotolo amanena zimene zimacitikira odwala ambiri, koma tsiku la munthu mmodzi salidziwa. Ena amakhala miyezi kapena zaka kupitirira pamene anthu anaganizira.

Winanso angati, nanga pemphero? Kodi kubvomereza mau a dotolo si kucepa kwa cikhulupiriro? Ine sindiona nkhondo pakati pa ziwirizi. Munthu angathe kupempha Mulungu kuti aciritse mkazi wace, m'mawa mwace napita kukatenga mankhwala, madzulo nakambirana naye za ana. Cikhulupiriro cimene cimaletsa wodwala kunena kuti watopa, kapena cimene cimamuimba mlandu kuti sacira cifukwa sakhulupirira mokwanira, cimamuonjezera mtolo pa mtolo.

Cacitatu, wodwazika ayembekezere thandizo la anzace, ndipo alipemphe. Kusambitsa munthu wamkulu, kucapa nsaru za mwazi, kuphika phala limene lidzakanidwa, kudzuka kanai usiku umodzi: zimenezi zimatha mphamvu ngakhale za munthu wolimba. Nthawi zina wodwazika amapsa mtima, ndipo nthawi zina mumtima mwace mumadutsa ganizo lakuti bwenzi zitangotha. Asadziyese woipa cifukwa ca ganizo limeneli, pakuti licokera m'kutopa ndi m'cisoni ca kuona mnzace akubvutika. Mutu umodzi susenza denga. Bambo uja poyamba anakana thandizo, poopa kuti abale a mkazi wace anganene kuti mkamwini walephera. Pambuyo pace analola alamu ace ndi amai a mumpingo kusinthana naye, ndipo atagona tulo tokwanira anapeza kuti angathenso kuseka ndi mkazi wace pokumbukira za ubwana wao. Ife a pamudzi tidziwe kuti kuzonda wodwala ndi mau okha sikukwanira. Mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi, kapena kugona usiku umodzi pa matenda, ndizo zimene zimasunga ciyembekezo ca wodwazika.

Maiyo anafuna cinthu cimodzi: kuona nshawa zimene anasankha yekha mbeu yace zitakumbidwa. Anaziona, ndipo anadya cipwirikiti ca ndiwo zotendera ndi nsinjiro zace. Anamwalira m'nyengo yozizira, m'nyumba mwace, mwamuna wace ali pambali. Asanamwalire analamula ana ace akazi kuti apite kukapimidwa, pakuti kuyambira m'caka ca 2006 zipatala za m'Zambia zinayamba kupima amai pa khomo la cibaliro kuti nthendayi ipezeke isanakule, ndipo m'caka ca 2019 katemera woteteza atsikana ku HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Anawo anapita, ndi adzukulu omwe analandira katemera.

Kodi tinene kuti ciyembekezo ca bambo uja cinapita pacabe cifukwa mkazi wace anamwalira? Cimene anayembekezera poyamba sanacilandire, ndipo cisoni cace ncacikulu kufikira lero. Koma anayembekezera kuti mkazi wace asafe ndi ululu, asafe ndi cidani, asafe yekha, ndipo zitatu zonsezi zinacitika cifukwa iye anazigwirira nchito. Inu amene mulikudwazika lero, musadzifunse cabe kuti, "Kodi adzacira?" pakuti yankho la funso limenelo siliri m'manja mwanu. Dzifunseninso m'mawa uli wonse kuti, "Ncabwino canji cimene ndingamcitire dzuwa lisanalowe?" Funso limeneli liri ndi yankho tsiku liri lonse, kufikira tsiku lotsiriza.