Kodi Kupirira ndi Kukhala Chete?

Kuyambira ubwana timamva mawu akuti mwamuna salira. Mnyamata akadzipweteka timamuuza kuti alimbe mtima, ndipo akakula amasenza phunzirolo kupita nalo kunyanja, ku Joni ndi m'banja mwake. Funso lathu lero ndi lakuti: kodi kupirira, komwe ndi khalidwe labwino, n'chimodzimodzi ndi kubisa ululu?

Tiyambe ndi katundu amene abambo a kuno kwathu asenza. Chambo chomwe kale chinkadzaza mabwato pa Nyanja ya Malombe ndi kum'mwera kwa Nyanja ya Malawi chinachepa kwambiri. Alovi amagona panyanja usiku wonse, nthawi zina n'kubwerako ndi usipa wosakwana kubweza ndalama za mafuta. Mwera ukawomba, kapena nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi Disembala, ngongole sidikira. Anyamata ambiri a ku Namwera, Makanjira ndi Malindi amapita ku South Africa, ndipo amene anathawa zipolowe za ku Durban mu 2015 anafika kumudzi opanda kanthu, pomwe abale ankayembekezera malata ndi njinga. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera mitengo, koma udindo wa bambo sunachepe. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'Malawi muno, ambiri ndi amuna.

Tikaganizira bwino, kupirira kwenikweni ndi kusataya chiyembekezo pamene tikufunafuna njira. Msodzi amene bwato lake likulowa madzi pakati pa nyanja amakapa madziwo, komanso amakuwa kuti anzake amumve. Palibe amene amamutcha wamantha. Koma munthu yemweyo akamasowa tulo milungu yambiri, akasiya kudya, akayamba kukwiya msanga kapena kuthawira ku mowa ndi chamba, timayembekezera kuti akhale chete. Kukhala chete kotereku nthawi zambiri kumabadwa ndi mantha oopa kusekedwa, ndipo manthawo timawadyetsa ndife tikamanong'onezana kuti uje wapenga, uje walodzedwa.

Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti mzimu wa munthu sukhudzidwa ndi kufooka kwa thupi kapena kwa maganizo, ndipo anaufanizira ndi dzuwa lobisika ndi mtambo, lomwe kuwala kwake sikuchepa. Choncho munthu wodwala maganizo sanataye ulemu wake, ndiponso matendawo si umboni wa chikhulupiriro chochepa. M'buku la Kitáb-i-Aqdas tinalangizidwa kupita kwa madokotala odziwa ntchito tikadwala, ndipo buku lomwelo limaletsa miseche. Malamulo awiriwa amayendera limodzi: bambo sadzapita kuchipatala ngati akudziwa kuti mawa nkhani yake idzakambidwa padoko ndi pamjigo.

Wina anganene kuti sitiloledwa kuulula machimo athu kwa munthu mnzathu. N'zoona, koma nkhawa si tchimo. Kuuza mnzako kuti maganizo akulemera ndi kukambirana, ndipo mutu umodzi susenza denga. Wina anganenenso kuti pemphero n'lokwanira. Pemphero ndi lofunika, koma mwana akadwala malungo timapemphera kwinaku tikuthamanga naye kuchipatala. Bwanji bambo ake tiwamane chimodzi mwa ziwirizi?

Thandizo lilipo. Munthu angayambire pachipatala chaching'ono chapafupi kapena pa Chipatala cha Boma cha Mangochi, ndipo pakafunika amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. A St John of God amathandizanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ambiri amachira ndi uphungu ndi mankhwala, osagonekedwa n'komwe.

Gawo lathu ife ndi la pafupi. Tikamachezera makomo, tifunse abambo mmene akupezera, ndipo tidikire yankho. Amuna ambiri amamasuka manja ali pa ntchito, posoka ukonde kapena posewera bawo, kusiyana ndi pamsonkhano. Timvetsere osafulumira kulangiza, ndipo zomwe tamva zithere mwa ife. Koma munthu akanena zofuna kuchotsa moyo wake, chimenecho si chinsinsi chosunga: tisamusiye yekha, tidziwitse wachibale wodalirika, ndipo timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi tiigwire limodzi ndi mashehe, abusa, mafumu ndi makomiti a m'madoko, popeza vutoli silisankha mzikiti kapena tchalitchi.

Mafunso okambirana

1. Kodi timawauza chiyani anyamata athu akalira, nanga amaphunzirapo chiyani?
2. Kodi bambo wobwera ku Joni chimanjamanja timamulandira bwanji pamudzi?
3. Ndi ndani m'dera lathu amene wasiya kuoneka pagulu, ndipo ndani mwa ife akamuchezere sabata ino?