KODI KUNENERERA MTENGO NDI CIMO?

Abale okondedwa a ku Chisenga ndi a midzi yonse ya m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, mwezi uno tifuna kulankhula nanu za malonda, pakuti msika umene kale unali pansi pa mtengo walowa tsopano m'lamya za m'manja, ndipo ambiri afunsa ngati Mkristu acimwa pamene anenerera mtengo kwa munthu wosamuona.

Tikumbuke poyamba kumene tacokera. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaicha Mandala, inayamba caka ca 1878, ndipo m'zaka za m'ma 1880 amtengatenga ace anali kukwera kucokera ku Karonga, napyola dziko lino la Chitipa atasenza nsaru ndi mikanda. Masiku aja wogula ndi wogulitsa anali kupenyana m'maso. Caka ca 1938 ku Limbe kunayamba okushoni ya fodya, ndiyo malonda amene ogula apikisana, ndipo wochula mtengo woposa anzace ndiye atenga katundu. Caka ca 1995 ku America kunabadwa eBay, okushoni ya pa intaneti, kumene anthu a maiko otalikirana apikisana pa cinthu cimodzi osadziwana. Lero kwathu kuno anthu atsatsa nyemba, mbuzi ndi njinga pa Facebook ndi pa WhatsApp, nalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ena aitanitsa galimoto ku Japan, idzera pa doko la Dar es Salaam, osamuona konse mwini wace.

Tsono yankho lathu ndi ili: kunenerera pakokha si cimo. Wogulitsa ali ndi ufulu wa kuchula mtengo, wogula ali ndi ufulu wa kupempha kuti utsike, ndipo onse awiri akhoza kukana. Pa Genesis 23 tiwerenga za Abrahamu, kuti anagula phanga la Makipela kwa Efroni Mhiti, kuti aikemo Sara mkazi wace. Anakambirana poyera pa cipata ca mudzi, anthu alikumva, ndipo Abrahamu anayesa masekeli 400 a siliva monga anapangana. Malonda otere ndi oyera. Koma ziripo mbuna zinai zimene tiyenera kuzilambalala.

Mbuna yoyamba ndiyo bodza. Miyambo 20:14 itiuza za wogula amene anyoza katundu pamaso pa mwini wace, ndipo atacoka adzitama kuti wapeza cinthu cokoma. Munthu wotere alipo ndi lero. Aona cithunzi ca mbuzi yonenepa, nalemba kuti yaonda; kapena anama kuti kwina amuuza mtengo wocepa, cikhalireco sanafunse kwina kuli konse. Ngati njinga iri ndi cirema, cichuleni, pakuti ndico coona. Koma kupeka cirema kuti mtengo ugwe ndiko kuba ndi lilime.

Mbuna yaciwiri ndiyo kudyera mnzako pa tsoka lace. Esau anabwera kuthengo ali lefu ndi njala, ndipo Yakobo anamgula ukulu wace ndi mphodza. Esau anabvomera ndithu, koma inabvomera ndi njala. Ndipo patapita nthawi abale awiriwo analekana zaka 20. Pa Levitiko 25:14 Mulungu aletsa anthu ace kusautsana pogula ndi pogulitsa. Taganizani mkazi wamasiye amene atsatsa thumba la nyemba cifukwa mwana wace ali gone m'cipatala ku Chitipa. Wogula wamva za nthendayo, nati mumtima mwace, Lero ndiye ndiphula. Kuyambira mwezi wa Novembala 2023, pamene ndalama yathu ya kwaca inacepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, feteleza ndi sopo zinakwera, ndipo ogulitsa mothinidwa anacuruka. Unduna wa Malimidwe ulengeza caka ndi caka mitengo imene wogula mbeu sayenera kutsika nayo. Mkristu aidziwe mitengoyo, osati kuti apeze pozembera, koma kuti angapondereze wosauka. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Mbuna yacitatu ndiyo kuswa pangano. Pa okushoni, kuchula mtengo ndiko kulonjeza. Amene apambana, nakana kulipira, waononga tsiku la wogulitsa, wamananso mnzace amene akadagula moona. Coipa coposa ndi ici: munthu abvomera mtengo pa lamya, mlimi nanyamula matumba ace kucokera ku Chisenga kufikira ku boma, nalipira galimoto, ndipo atafika, wogula ayambanso kunenerera, podziwa kuti mnzaceyo alibe ndalama yobwerera nao katundu. Enanso atumiza uthenga wonama, wooneka ngati ndalama zalowa. Ambuye wathu anaphunzitsa pa phiri paja kuti kubvomera kwa wophunzira wace kukwane pakokha, kopanda malumbiro. Nthawi ya kunenerera ndiyo musanagwirane canza. Mutagwirana, yatsala nthawi ya kulipira.

Mbuna yacinai iri ya inu ogulitsa, pakuti sitidzudzula mbali imodzi yokha. Alipo amene auza mlamu wace kuti achule mtengo wabodza pa okushoni, kuti ogula eni eni akwere. eBay yomwe iletsa macitidwe awa m'malamulo ace. Alipo amene ajambula galimoto mbali yokoma, nabisa mbali yophwanyika. Ndi amene aika nyemba zabwino pamwamba, zofumbwa pansi. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda a m'Israyeli amene anacepsa muyeso wa tirigu, nakuza mtengo. A Malawi Bureau of Standards ayesa masikelo a pa misika, koma cithunzi conyenga ndico sikelo imene iwo sangathe kuiyesa. Woiyesa ndi Mulungu.

Kapena wina adzati, Nanga tikhale opusa, anthu atidyere? Iai. Ambuye anauza akuphunzira ace kuti akhale ocenjera ndi oona mtima pamodzi. Funsani mitengo kwa anthu awiri kapena atatu. Musatumize ndalama kwa munthu amene palibe womdziwa. Pemphani mboni, monga anacita Abrahamu. Mtengo ukakulakani, tsazikani mwaulemu, nimupite. Kukana si mwano.

Muzu wa mbuna zonse zinai ndi umodzi: munthu ayesa kuti popeza mnzace samuona, palibe womuona. Pa msika wa kale manyazi anali kutisunga, pakuti amene wamnyenga lero udzakhala naye pa maliro mawa. M'lamya manyazi aja mulibe, ndipo watsala mlonda mmodzi, ndiye kuopa Mulungu. Dzina limene muliona pa galasi la lamya ndi munthu wolengedwa m'cifanizo ca Mulungu, ali ndi ana ofuna nsima monga anu.

Cotero musanatumize mau anu, dzifunseni: Kodi mau awa ndingawawerenge mokweza pamaso pa akuru a Mpingo tsiku la Sabata? Kodi ndikadakhala ine wogulitsa, ndikadati mtengo uwu ngwa cilungamo? Ndipo ngati wina akumbuka kuti ananyenga mnzace, njira iripo. Zakeyu wa ku Yeriko, atalandira Yesu m'nyumba mwace, analonjeza kubwezera kanai onse amene anawalanda. Lamya yomweyo imene inatenga ndalama ikhoza kuzibweza lero lino, dzuwa lisanalowe.

Mulungu wa mtendere asunge malilime athu ndi zala zathu, kuti malonda a ana ace akhale oyera pamaso pace.