Zala Ziwiri za Mayi wa ku Pratunam

Anzanga, ndili ndi mlandu umene palibe bwalo lingauzenge, chifukwa wolakwiridwa sanadandaule, ndipo ine wolakwa ndinalipira zonse zimene ndinauzidwa kuti ndilipire. Komabe mlanduwo wakana kuchoka mumtima mwanga, ndiye ndati ndiutule pano kuti tiuone pamodzi. Funso lake ndi ili: kodi munthu akagula chakudya ndi ndalama zake, amatsalabe ndi ngongole ina kwa amene waphika?

M'chaka cha 2019 ndinaperekeza azakhali anga ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, kumene amakapikula zovala zodzagulitsa kuno kwathu. Ntchito yanga inali yonyamula zikwama ndi kusunga chiwerengero cha ndalama. Tinalowa mumsika wa Pratunam m'mamawa, ndipo tinayenda m'tinjira take tothina, azakhali akunenerera mitengo pa kamakina kowerengera: wogulitsa alemba nambala yake, iwo afafaniza nalemba yawo. Dzuwa litafika paliwombo njala inatipota, tsono tinakhala pa timipando tapulasitiki pafupi ndi kangolo ka mayi wina wogulitsa chakudya m'mbali mwa msewu.

Chakudya chakecho amachitcha som tam. Amapala papaya wosapsa m'tizingwe ting'onoting'ono, nasinja pang'ono mu kamtondo kadothi pamodzi ndi adyo, tsabola, matimati, zitheba, madzi a ndimu ndi shuga. Ambiri mwa ochigulitsa mu Bangkok ndi ochokera ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa choyandikana ndi dziko la Laos, kumene anthu ambiri amachoka kukafuna ndalama mumzinda. Kwawoko amathiramonso pla ra, ndiye kuti nsomba zimene azisunga mumtsuko ndi mchere ndi gaga wa mpunga kwa miyezi yambiri mpaka zitavunda bwino. Amadyera mpunga womata wa m'kadengu kansungwi, umene amaumba ndi zala monga ife tiumbira mbamu ya nsima.

Popeza chinenero sitinkamvana, mayi uja anatola tsabola nandiyang'ana, kufunsa kuti aikemo mungati. Ine pokumbukira kambuzi wa kwathu ndinatukula zala zisanu. Iwo anapukusa mutu natukula zala ziwiri. Ndinaumirira zisanu zomwezo, ngati kuti tsabola ndi wa makolo anga, chonsecho tsabola ndi papaya zinachokera ku America, ndipo zinafika ku maiko a kum'mawako m'zombo za amalonda a ku Ulaya, monganso chimanga chinafikira kwa ife. Mayiwo anandimvera. Anasinja, nalawa ndi supuni, naonjezera ndimu, nalawanso, kenaka anandiikira mbale patsogolo.

Ndinadya katatu kokha. M'kamwa munayaka moto, misozi inalengeza, ndipo fungo la nsomba zija linanditsekereza kukhosi. Ndinakankha mbale, ndinakwinya nkhope, ndipo ndinati kwa azakhali m'Chichewa, "Zonunkha izi anthu amadya bwanji?" Mayi uja sanamve mawuwo, koma nkhope anaiona. Sananene kanthu. Anabweretsa kabichi wosaphika ndi kadengu kena ka mpunga, nandilozera kuti ndidye ndiziziritse m'kamwa. Polipira anawerengera mbale ndi kadengu koyamba, ndalama zokwana 60 baht, ndipo kachiwiri kaja sanakawerengere. Tinanyamuka mbale ili yodzaza.

Madzulo ndinawauza azakhali kuti mtima ukundiimba mlandu. Iwo anaseka nati, "Iwe, unalipira. Pamsika si pa apongozi ako. Wagula malaya, kaya uvala kaya uwotcha, wogulitsa zimukhudza chiyani?"

Mawu amenewa sindingawataye msanga, pakuti muli nzeru. Adam Smith, m'buku lake la chaka cha 1776 lonena za chuma cha maiko, anaphunzitsa kuti wogulitsa nyama kapena buledi satidyetsa chifukwa cha chifundo, koma chifukwa chofuna phindu lake. Ndipo kunena zoona, m'menemo muli ufulu. Kumudzi ukadya kwa munthu walowa m'ngongole yosadziwika kukula kwake. Mawa adzakukumbutsa pamaliro kapena pamlandu wa munda. Pamsika ngongole ili ndi nambala, ndipo ikaperekedwa aliyense apita kwawo ali mfulu. Mayi wa ku Pratunam sanadzuke usiku kukapala mapapaya kuti mlendo wochokera ku Malawi amumvere chisoni. Ankafuna 60 baht, ndipo anailandira. Mwina kumuganizira kwangaku n'kudzikuza kwina, kudziyesa wofunika kwambiri m'tsiku la munthu amene anadyetsa anthu ambirimbiri nandiiwala dzuwa lisanalowe.

Ndavomera zonsezi. Koma tiyeni tiwerenge bwino zimene ndinalandira, tione ngati zonse zinali pamtengo. Papaya anali pamtengo. Tsabola, mpunga, mpando ndi thukuta la kusinja, zonsezi zinali pamtengo. Nanga zala ziwiri zija? Mayiwo akanaika tsabola musanu osanena kanthu, mtengo ukanakhala womwewo. Anandichenjeza chifukwa anaona munthu amene akufuna kudzipweteka mosadziwa. Wina anena kuti imeneyo ndi nzeru ya malonda chabe, yofuna kuti wogula adzabwerenso. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zikwama zanga ndi chinenero changa zinkaonetseratu kuti ndine wodutsa. Kundichenjeza kuja, kulawa kawiri kuja, ndi kadengu kachiwiri kaja, sizikanawabweretsera phindu lililonse. Anandipatsa chinthu chimene sichinali pamalonda, ine n'kubweza ndi tsinya.

Apa ndi pamene fanizo la azakhali likuperewera. Malaya a ku Pratunam anasokedwa ndi munthu amene sindidzamuona, ndipo iye sanandione. Chakudya cha pa kangolo chimaphikidwa wophika akukuyang'ana, ndipo chimalowa m'thupi mwako. Taganizani kukula kwa chikhulupiriro chimenechi. Ife amene tinakula tikuuzidwa kuti tisamadye paliponse, timafika m'dziko la eni, n'kutsegula pakamwa kulandira chimene manja a munthu wosamudziwa akonza. Nayenso amaika luso lake poyera kuti mlendo aliyense aliweruze. Pamene anthu awiri akhulupirirana chotere pamakhala ubale, ngakhale ukhale wa mphindi 20 zokha. A ku Thailand eni ake popatsana moni amafunsana kuti kin khao rue yang, kutanthauza kuti kodi mwadya mpunga. Kwa iwo, monganso kwa ife, kufunsa za chakudya ndi kufunsa za moyo wa munthu.

Tsono kulakwa kwanga kunali pati? Sindikhulupirira kuti ndinayenera kumaliza mbale ija. Lilime lili ndi malire ake, ndipo ulemu umene ufuna kuti munthu adwale si ulemu. Kunyansidwa nakonso kumabwera kokha, sikupempha chilolezo. Koma pakati pa kunyansidwa ndi kunyoza pali kampata, ndipo m'kampata kameneko ndi mmene munthu amasankha. Ndikanatha kuseka, kutukula zala ziwiri povomereza kuti iwo ndiwo ankanena zoona, ndi kuthokoza. M'malo mwake ndinatenga kupusa kwanga n'kukusandutsa mlandu wa chakudya chawo. Choipitsitsa n'chakuti ndinabisala m'Chichewa, podziwa kuti sangandiyankhe. Kunena munthu pamaso pake m'chinenero chimene sakumva ndi miseche ya munthu wamantha. Ndipo ndinaiwala kuti usipa wouma umene ndimaukonda nawonso uli ndi fungo limene mlendo angalithawe.

Yankho langa tsono ndi lakuti ndalama imatha ngongole ya katundu, koma siifika pa ngongole ya ulemu, chifukwa ulemuwo sunali pamalonda poyamba pomwe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ku Bangkok ndinasiya mlomo, ndipo ndimaupeza nthawi zonse ndikaima pa chiimilire kuno kwathu, ndikamaona ife ophunzira tikuponya ndalama patebulo, maso ali kwina, ngati kuti nsima yadziphika yokha.

Mayi wa ku Pratunam sindidzawaonanso, ndipo dzina lawo sindinafunse. Ngongole yawo ndikubwezera kwa amayi ena amene amandipakulira kuno. Azakhali akuti ndikudzivutitsa ndi nkhani ya mbale imodzi ya papaya. Kapena akunena zoona. Inu amene mwawerenga, weruzani.