Za Mtima Wogonja ndi Khutu Lache

Usiku wa pa 24 September 2025, bungwe loyendetsa chisankho litalengeza kuti a Peter Mutharika ndiwo apambana, m'midzi yozinga mzinda wa Blantyre munali mitundu iwiri ya anthu. M'miseu ya ku Ndirande ndi ku Bangwe ambiri analikupfuula ndi kubvina. Koma m'nyumba zina za m'miseu yomweyo munali zii, eni ache atatseka wailesi, nsima nizizira m'mbale yosaidya. Za okondwerawo sitinena zambiri, pakuti kuseka sikusowa wokuphunzitsa. Mau athu lero apita kwa iwo a m'nyumba zachete zija, ndipo funso lathu ndi ili: munthu amene mbali yache yagonja achite nacho chiani chisoni chache, ndipo achite nao chiani mau ochuluka amene afika m'khutu mwache m'masiku otere?

Tiyambe takumbukira kuti funsoli liri la ife tonse. Pa chisankho cha pa 21 May 2019 anati a Mutharika apata mavoti 38 pa 100 ali onse, a Lazarus Chakwera 35, a Saulos Chilima 20. Otsata awiri otsirizawo analira. Pa 23 June 2020 a Chakwera anapata mavoti pafupifupi 59 pa 100. Amene anaseka kale analira tsono. Pa 16 September 2025 a Mutharika anapata pafupifupi 57, a Chakwera 33, ndipo misozi inabwerera kumene inachokera. M'zaka zisanu ndi chimodzi taponya voti ya mtsogoleri wa dziko katatu, ndipo nzowerengeka nyumba zimene sizinalawe zonse ziwiri, kuseka ndi kulira. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Chisoni cha wogonja sitichiyesa choipa iai. Mai amene analawirira mbanda kucha kukaima pa mzere ku sukulu ya ku Chilomoni anapita ndi chiyembekezo chache: kapena feteleza atsika mtengo, kapena mwana wache amene anatsiriza sukulu kale apeza nchito. Chiyembekezocho chikagwa, mtima uwawa monga uwawira mtima wa mlimi amene mmera wache wapsa ndi dzuwa. Munthu wotere tisamuseke, ndiponso tisamuuze kuti asamve kanthu. Choopsa chiri pena: chisoni chitsegula khutu. Ife aphunzitsi tichidziwa bwino chimenechi, pakuti mwana akalephera mayeso, mau oyamba amene awakhulupira ndiwo akuti mphunzitsi anamuda. Mau otere atonthoza msanga koposa akuti, sunawerenge. Momwemonso mtima wogonja ufunafuna wina woti auuze kuti, simunagonje, anakuberani. Ndipo amene afesa mabodza adziwa kuti munda wao walimidwa kale.

Kale mphekesera zinayenda ndi miyendo, kuchokera ku chitsime kunka ku mowa, kuchokera ku mowa kunka ku bwalo la bawo, ndipo zinatopa m'njira. Lero ziyenda m'foni. Pa WhatsApp pafika liu la munthu wosachula dzina lache, nati, ine ndigwira nchito m'kati momwemo, ndaona ndi maso anga. Pa Facebook pafika chithunzi cha pepala la zotsatira, losadziwika amene analilemba, kapena chithunzi cha nyumba irikupsa, chimene chinajambulidwa chaka china m'dziko lina. Nthawi yokoma kwa zotere ndiyo masiku a kudikira. Lamulo lipatsa bungwe la chisankho masiku 8 akuti lilengeze wopambana pa mpando wa pulezidenti, ndipo mu 2025 linawatha masiku onsewo. M'kati mwa masikuwo zipani zazikulu ziwiri zinanena, chiri chonse, kuti chapambana, kufikira wapampando wa bungwelo, mai Annabel Mtalimanja, anazichenjeza kuti zileke kulengeza zimene sizinawerengedwe. Mau onenedwa ku Machinjiri m'mamawa afika ku mudzi wa ku Chiradzulu dzuwa lisanafike pamutu, pakuti ana a ku tauni atumizira makolo ao. Ndipo kumudziko, amene apatsidwa foni kuti awerenge ndi kumasulira ndinu amene mulikuwerenga mau ano. Chifukwa chache katundu ameneyu ali pa mutu panu.

Tisayese kuti mphekesera ndi mau chabe ouluka ndi mphepo. Achikulire a ku Zingwangwa ndi ku Chilobwe akumbukira zaka za 1968 kufikira 1970, pamene anthu ngati 30 anaphedwa usiku m'nyumba zao. M'mantha amenewo inabuka mbiri yakuti boma lirikutenga mwazi wa anthu kukabweza ngongole ku South Africa, ndipo anthu anayamba kuopa mlendo ali yense wopita m'njira. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe, nifika ku Blantyre mwezi wa October, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi makamu popanda mboni kapena mlandu. Amene ananyamula miyala anali owerengeka. Amene ananyamula mauwo kunka nao khomo ndi khomo anali zikwi, ndipo ali yense wa iwo anaganiza kuti angochenjeza mnzache.

Koma wina adzati, Kodi mulikutiuza kuti zisankho siziipa konse, ndi kuti ali yense wodandaula ngwabodza? Iai ndithu. Dziko lathu lomwe lino liri ndi umboni wakuti dandaulo la wogonja likhoza kukhala loona. Mu 2019 kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri kunali mavoti ngati 159,000, ndipo mapepala ambiri a zotsatira anapezeka ofutidwa ndi Tippex, ena osasainidwa, ena osakhala mapepala eni eni oyenera. A Chakwera ndi a Chilima anatengera mlanduwo ku bwalo. Kuyambira mwezi wa August mboni zinaima pamaso pa oweruza asanu ku Lilongwe, nizilumbira, nizifunsidwa mafunso ndi a mbali yina masiku ambiri, anthu alikumva pa wailesi m'misika ndi m'maminibasi. Pa 3 February 2020 oweruzawo anawerenga chiweruzo cha masamba ngati 500 kuyambira m'mawa kufikira usiku, nathetsa chisankhocho, nalamula kuti chichitikenso m'masiku 150, ndi kuti wopambana akhale wopata mavoti oposa theka. Bwalo lalikulu la apilo linabvomereza chiweruzocho pa 8 May 2020. M'Africa monse, dziko la Kenya lokha ndilo linayamba lachita chotere, mu 2017.

Tsono taonani chimene chinagwira nchito pa mlandu umenewo. Oweruza sanamvere liu la munthu wobisa dzina. Anafuna pepala, dzina la malo, chiwerengero, ndi munthu wolola kuima poyera ndi kufunsidwa. M'miyezi yomweyo m'miseu munali zionetsero, zimene ziri ufulu wa anthu m'malamulo athu pamene zichitika mwamtendere. Koma pamene mkwiyo unasefukira, masitolo a anthu osachimwa anathyoledwa, wapolisi anaphedwa ndi miyala ku Msundwe mu October 2019, ndipo akazi a m'midzi ya komweko anachitidwa zamanyazi m'masiku otsatira. Zimenezo sizinaonjeze dontho pa chilungamo. Apa ndipo pali kusiyana kumene tifuna kuti mukugwire: dandaulo loona lifuna bwalo, pakuti lidziwa kuti mlandu suola, bodza liopa bwalo, chifukwa liribe mwini woti aliimirire.

Makolo athu anadziwa kuyesa mau kale mafoni asanabwere. Pa bwalo la mfumu munthu sanaloledwe kungonena kuti, ndamva. Ankhoswe ndi nduna anamfunsa, Wamva kwa yani? Iyeyo anaona yekha, kapena anamvanso kwa wina? Pakuti anadziwa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Mafunso omwewo atikwanira lero. Mau akafika, funsani mwini wache. Akanena za mavoti obedwa, funsani malo ache ndi chiwerengero chache. Pakuti mavoti awerengedwa pa malo pomwe anaponyedwa, pamaso pa mamonitala a zipani, amene asaina pepala la zotsatira, kotero kuti wonena zoona akhoza kuchula sukulu ndi kuonetsa pepala. Mverani wailesi zingapo, MBC ndi Zodiak ndi Times, muone ngati mbiriyo ipezeka pa zonse, ndi anthu a maina alikuibvomereza kapena kuikana. Ndipo funso lotsiriza, limene liri lobvuta koposa onse, mudzifunse nokha: mau omwewa akadanenera mtsogoleri amene ine ndimkonda, kodi ndikadawakhulupira msanga chotere? Mau okoma ku mtima ayenera kuyesedwa kawiri. Mukakayika, agonekeni kufikira mawa. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mabodza ambiri afa okha m'masiku awiri ngati sapeza wowanyamula.

Tikumbukirenso kuti chala chimene chitumiza mau pa foni chichita nchito ya lilime. Lamulo lachisanu ndi chinai, limene tiliphunzitsa ana m'kalasi, liletsa umboni wonama, ndipo munthu sapulumuka pa lamulolo ponena kuti, ine ndinangopitiriza za wina. Mbale wanu akakutumizirani zotere, musamchititse manyazi pa gulu, pakuti munthu wochititsidwa manyazi aumirira pa cholakwa chache. Mumtengere pambali, nimumfunse mofatsa kuti, Achimwene, kodi zimenezi mwazimva kwa yani? Kawiri kawiri funso limeneli lokha litha mlandu. Opambana nao asadziyese oyera: iwonso ali ndi mabodza ao onenera ogonja, ndipo kunyodola mnansi wachisoni ndiko kumkankhira m'manja mwa ofesa mphekesera.

Pali chitsanzo chimene atsogoleri omwe anatisiyira. Mu May 1994 Dr. Kamuzu Banda, amene analamulira dziko zaka 30, analankhula pa wailesi nabvomera kuti a Bakili Muluzi apambana. Pa 24 September 2025 a Chakwera analankhula kwa mtundu wonse zotsatira zisanalengezedwe, nabvomera kugonja, nanena kuti aimbira foni a Mutharika kuwafunira zabwino, ngakhale chipani chao chinali chitapereka madandaulo ku bungwe la chisankho. Anasiyanitsa zinthu ziwiri: kuti zolakwa zifufuzidwe, ndi kuti anthu ambiri asankha. Ngati mwini mpando akhoza kutero, nanga ife amene tinangotaya voti imodzi tikanirenji?

Chotsalira ndi ichi: chisoni chisandulike nchito. Malonjezo amene opambana ananena pa misonkhano, alembeni m'kabuku, chaka ndi malo, kuti pakufika phungu kapena khansala mudzamfunse ndi mau ache omwe; umenewo ndiwo umboni umene sutsutsika. Patapita zaka zisanu mzere uja udzaimanso, ndipo voti ya munthu amene anasunga zoona idzalemera koposa mkwiyo wache wa lero. Pakali pano mnansi wanu wobvala nsaru ya chipani china ali pompo. M'mwezi wa March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi mvula ya namondwe wa Freddy, nizikwirira nyumba za ku Chilobwe, amene anathamanga ndi makasu kukafukula anzao sanayambe afunsa kuti wokwiriridwayo anavotera yani. Mnansi ameneyo ndiye adzakumba manda anu, ndipo mkazi wache ndiye adzaphika pa maliro anu. Musamgulitse chifukwa cha mau a munthu wa m'foni amene anakana kukuuzani ngakhale dzina lache.